Funsani Alangizi: Madzi a suweji pa dimba

Funso: Zikomo alangizi. Ndili ndi dimba kumunsi kwa maiwe oyeretsera madzi a suweji ku Kauma. Ikafika Okutobala chitsime changa chimaphwa, pomwe madzi otuluka m'maiwewo amangotsikira mumtsinje wa Lilongwe. Kodi ndingathirire mpiru ndi tomato popanda kudwalitsa anthu? Ndine bambo wa ku Kauma.

Yankho: Bambo, n'zotheka ndithu, koma mawu oti "oyeretsedwa" asakunamizeni. Maiwe otere amagwira ntchito motsatizana. M'dziwe loyamba, lakuya lija, matope ndi mazira ambiri a njoka za m'mimba amadikha pansi. M'maiwe otsatira, omwe ndi osaya, dzuwa ndi ndere zimapha tizilombo pang'onopang'ono. Oyenera dimba ndi madzi otuluka m'dziwe lomaliza okha, ndipo muyambe mwapempha chilolezo kwa oyang'anira malowo. Kuboola paipi kapena kutsegula chivundikiro cha suweji panjira n'kutunga chimbudzi chenicheni.

Mu 1989 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidaika muyeso wa madzi othirira masamba odyedwa osaphika: tizilombo ta m'chimbudzi tisapose 1,000 pa mamililita 100, ndipo mazira a njoka asapose limodzi pa lita. Diso silingaone zimenezi, n'zofunika labotale. Choncho inu muzigwira ntchito ngati kuti madziwo akadali ndi tizilombo.

Chachikulu n'chakuti madzi asakhudze chomwe chidzalowe m'kamwa. Keni ya chisefa kukamwa imawaza masamba onse, ndipo madontho amathovukira dothi pa mpiru. Chotsani chisefacho muzithira patsinde, kukamwa kwa keni kuli pafupi ndi nthaka. Koposa apo, pangani mizere madzi aziyenda m'ngalande. Tomato mumumangirire ku timitengo ndipo pansi muphimbire ndi udzu. Potunga musalowe m'dzenje ndi keni n'kuvundula matope, pakuti mazira aja amakhala momwemo. Asiyeni madzi adikhe usiku wonse mutunge apamwamba.

Kukatsala masiku atatu kapena anayi kuti muthyole, lekani kuthirira ndi madziwa, dzuwa lichepetse tizilombo. Tikudziwa kuti mpiru ukafota kumsika sugulika, ndiye masiku amenewo mugwiritse madzi a pachitsime kapena pamjigo, ngakhale ochepa. Koma mazira a njoka dzuwa la masiku atatu siliwapha, amatha miyezi yambiri m'dothi. N'chifukwa chake letesi, kaloti ndi kabichi wa saladi tikukukanizani. Limani chimanga, nthochi, therere ndi masamba ophika. Mukathyola musatsukire m'ngalande yomweyo, monga ambiri amachitira kuti ndiwo zioneke zanthete.

Nanunso dzitetezeni. Njoka zina zimalowera pakhungu la phazi, choncho valani majombo, sambani m'manja ndi sopo musanadye, ndipo ana asamasewere m'ngalande. Kukabuka kolera, ngati uja adavuta mu 2022 ndi 2023, siyani kaye kuthirira masamba ndi madzi amenewa.

Funso: Mnzanga akuti wothirira ndi madzi otere safunikanso feteleza. N'zoona? Ndine mlimi wa ku Area 44.

Yankho: Wanena zoona pang'ono. Tiyerekeze kuti lita iliyonse ili ndi mamiligalamu 20 a nayitrojeni, chakudya cha mbewu chomwe chimapezeka mu feteleza. Malita 1 miliyoni akupatsani makilogalamu 20, pomwe thumba la Urea la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23. Hekitala ya chimanga cha mthirira imamwa malita 5 miliyoni kapena kuposa, ndiye werengani nokha matumbawo. Vuto ndi lakuti chakudyachi chimabwerabe ngakhale mbewu itasiya kuchifuna: tomato amangobiriwira osabereka bwino, chimanga chimatalika n'kugwa ndi mphepo. Mukaona masamba obiriwira moderako, musabereketse ndi Urea. Madzi ochokera ku mafakitale ndi m'magalaja okha apeweni kotheratu, chifukwa poizoni wake sachoka ndi kuphika.

Funso: Bilu ya madzi yandikwana. Kodi madzi ochapira ndi osambira ndingathirire kuseri kwa nyumba? Ndine mayi wa ku Area 25.

Yankho: Mayi, thirirani, kupatula ochapira matewera ndi omwe muli jiki. Osamba ndi otsukuluzira zovala ndiwo abwino. Oyamba aja a thovu la sopo waufa ali ndi mchere wambiri womwe umalimbitsa nthaka n'kuwaula nsonga za masamba. Musawasunge kupitirira tsiku limodzi, amanunkha ndipo tizilombo timaswana. Kumbani kadzenje kosaya mozungulira nthochi kapena papaya, mudzazemo udzu wouma, muzikhuthulira pamenepo kuti madzi alowe pansi osadikha n'kuitana udzudzu. Otsukira mbale muziyamba mwawasefa pa chiguduli kuti mafuta ndi nyenyeswa za nsima zitsale. Mukaona zoyera ngati mchere pamwamba pa dothi, thirani madzi a pampopi ochuluka kamodzi pa sabata kuti mcherewo utsike pansi.