Kodi a kafukufuku angagule mazira a nkhuku zanga?

Bambo ena a ku Namwera amene amaweta nkhuku zoikira anditumizira imelo. Akuti anamva kuti asayansi amatenga chitetezo cha matenda m'mazira, ndiye akufunsa ngati angapeze msika wotere woposa wa pa Boma, komanso ngati kumwa dzira laliwisi kungawateteze ku matenda.

Bambo, zimene munamvazo n'zoona, koma dzira lake si lililonse.

Thadzi likadwala kapena kulandira katemera, thupi lake limapanga ma antibody, timapuloteni tomwe timazindikira kachilombo n'kukamatirira. Ena mwa iwo amachoka m'magazi n'kulowa m'chachikasu cha dzira, kuti mwanapiye aswe ali kale ndi chitetezo cha make. Amene anaonetsa zimenezi ndi Felix Klemperer wa ku Germany mu 1893, pogwiritsa ntchito poizoni wa kafumbata. Ma antibody a m'dzirawa amatchedwa IgY, dzina lomwe linadzabwera mu 1969.

A kafukufuku amapezerapo mwayi pamenepa. Amatenga puloteni imene akufuna kuifufuza, kaya ya kachilombo kaya ya munthu, n'kuibaya pachidali cha nkhuku pamodzi ndi mankhwala odzutsa chitetezo. Pakapita masabata angapo amabayanso, kenako n'kuyamba kutola mazira. Ku labotale amalekanitsa chachikasu ndi choyera, amachigubuduza pa pepala kuti choyera chotsalira chichoke, n'kuboola kachikopa kake. Vuto lalikulu ndi mafuta. Njira yosavuta ndi kusungunula ndi madzi ochuluka owawasa pang'ono, n'kugoneka mu fuliji kuti mafutawo apite pansi. Madzi a pamwamba ndi amene ali ndi IgY. Dzira limodzi limatulutsa mamiligalamu 50 mpaka 100, koma olimbana ndi chinthu chimene anabaya chija ndi kagawo kochepa chabe.

Nanga bwanji nkhuku, pomwe kale ankadalira akalulu? Kalulu amayenera kupopedwa magazi, mwinanso kuphedwa kumene. Nkhuku imangoikira, iwe n'kumatola, ndipo pa mwezi imapereka ma antibody ambiri kuposa kalulu. N'chifukwa chake mu 1996 bungwe la ECVAM la ku Ulaya, loona za njira zochepetsera kuvutitsa nyama pa kafukufuku, linalimbikitsa njirayi. Chinanso chimene ine chimandisangalatsa kwambiri n'choti mbalame ndi yotalikirana nafe pa chibale. Puloteni ya munthu imene thupi la kalulu lingaione ngati yakeyake, la nkhuku limaiona ngati mlendo, n'kulimbana nayo mwamphamvu. IgY samamatiranso zinthu zina za m'magazi a munthu zomwe zimasokoneza zotsatira poyeza.

Tsono za msika, ndisakunamizeni. Chimene amagula si dzira ayi, koma ntchito yonse ija: nkhuku yodziwika mbiri yake, yobayidwa chinthu chodziwika, yosungidwa mwaukhondo motsatira malamulo a kafukufuku wa pa nyama. Mazira a m'khola mwanu ali ndi IgY ndithu, koma wolimbana ndi matenda amene nkhukuzo zakumana nawo pakhomo panupo. Wa labotale alibe nawo ntchito.

Za dzira laliwisi, musayerekeze. Chitetezo cha nkhuku sichikudziwa malungo anu kapena likodzo la kunyanja kuno, ndipo asidi wa m'mimba amaphwanya ambiri a mapuloteniwa asanapite kulikonse. Chimene mungatolepo ndi kachilombo ka Salmonella, n'kutsegula m'mimba. Phikani basi.

Pamene nkhaniyi ikukukhudzani ndi pa chitopa. Ngati muli ndi nkhuku zachikuda zofungatira, zipatseni katemera pa nthawi yake, chifukwa thadzi lotemera limapatsira anapiye chitetezo kudzera m'dzira lomwelo. Chitetezocho chimatha pakadutsa masabata awiri kapena atatu, choncho anapiyewo amafunikanso katemera wawo. Funsani alangizi a ziweto a kwanuko tsiku loyenera kuwadonthezera katemera wa chitopa wa m'maso uja wotchedwa I-2.