Chotsamira mkono cha Peugeot 504 chikumatuka: vuto lili pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Katoto, konkuno ku Mzuzu. Akuti malemu bambo awo anawasiyira Peugeot 504, ndipo chotsamira mkono cha pachitseko cha dalaivala chinang'ambika, siponji yake ikuyoyoka ngati mgaiwa. Anagula lekizini, nsalu yooneka ngati chikopa yokutira mipando, n'kumata okha, koma sabata isanathe m'mbali monse munamatuka, pamwamba pali makwinya okhaokha. Akufunsa kuti analakwitsa pati.

Achimwene, poyamba ndikuthokozeni chifukwa chosaitaya galimotoyo. Mtundu umenewu unayamba kupangidwa mu 1968, ndipo za m'kati mwake simungangozipeza m'shopu wamba. Kukonza chomwe muli nachocho ndiye nzeru.

Musamate chili pachitseko. Masulani masikuluwu, nthawi zambiri amakhala kunsi kwake, mukagwirire ntchito patebulo. Lekizini yakaleyo musaitaye ngakhale ili sanza. Imatuleni pang'onopang'ono, muiyale pamwamba pa yatsopano ndi kujambula potsatira m'mbali mwake. Podula siyani masentimita 2 kapena 3 mbali zonse, ndiwo mudzapinde kumbuyo.

Mukasenda zonse, yang'anitsitsani chimene chatsala m'manja. Kuno chinyontho sichitha, mvula ya Mzuzu mukuidziwa nokha, ndiye ngati muli chitsulo mupezamo dzimbiri. Palani ndi sandipepa, pakani penti, iume. Guluu sagwira pa dzimbiri kapena pa zinyenyeswa za siponji yakale, ndipo ndikuganiza kuti apa ndi pomwe panayambira vuto lanu.

Tsopano siponji, pomwe ambiri amagwera. Amang'amba chidutswa cha matiresi akale poganiza kuti kufewa ndiye ubwino. Ayi. Ya matiresi chigongono chikangotsamira imaphwa mpaka kuchitsulo, lekizini n'kukhwepa, makwinya n'kubwera. Pitani kwa osoka mipando ya sofa mukapemphe zotsala za siponji yolimba, yopyapyala, ya mamilimita 6 mpaka 10. Itsineni ndi zala ziwiri: zala zikakumana mosavuta, isiyeni. Mukaimata, sengani m'mphepete mwake ndi lezala yatsopano kuti mutsetsereke, chifukwa ngodya iliyonse yomwe mwasiya idzaonekera kunja.

Guluu akhale uja amamatira nsapato, wopaka mbali zonse ziwiri. Pakani mopyapyala, kenako dikirani mphindi 10 kapena 15 mpaka mukakhudza ndi chala asakakamire. Mu Juni ndi Julaye, kuzizira kwa kuno kumachedwetsa, choncho onjezerani nthawi. Ndinaphunzira izi movutika: ndinaphatikiza guluu akadali wamadzi m'mawa wina wa nkhungu, pofika madzulo zonse zinali zitakanuka. Chitani izi panja kapena pakhonde, fungo lake limapweteketsa mutu, komanso mbaula ikhale kutali chifukwa guluuyu sachedwa kuyaka. Pamwamba pa siponji musapake wambiri, amalowerera n'kuuma gwa! Mphamvu yonse ikhale kumbuyo komwe mwapindira.

Lekizini yozizira imakhala yokanika. Iyanikeni padzuwa kaye, likasowa bwerekani dilaya ya kusaluni, koma musayandikize kwambiri, ingasungunuke. Ikafewa yambani kukoka pakati, mbali iyi kenako inayo, n'kumapita kumapeto. Pokhota dulani timipata kumbuyo kuti ipindike bwino, koma lumo lisafike poonekera. Panani ndi mapegi oyanikira zovala, mutaika kakatoni pansi pake kuti asasiye zipsera, chigone usiku wonse.

Pobwezera pachitseko, boolani malo a masikuluwu ndi msomali, musadule ndi mpeni. Ngati pamenepo ndi pomwe mumakokera potseka chitseko, onetsetsani kuti masikuluwu aluma chitsulo cha chitseko, osati bolodi yokha. Mangani mpaka chisiye kugwedera basi, mukapitiriza mung'alula chinthu chomwe simungachipezenso. Lekizini ikatsala, chitaninso cha mbali inayo tsiku lomwelo kuti mitundu isasiyane.