Agogo amene ndimawasamala apempha mankhwala oti amwalire nawo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene amasamala okalamba ku Portland, m'chigawo cha Oregon ku America. Agogo aamuna amene amawasamala ali ndi khansa ya m'mapapo yomwe yafalikira, ndipo apempha dokotala kuti awalembere mankhwala oti akamwa amwalire. Mayiyo akufunsa kuti: "Kodi zimenezi n'zololedwa ndithu? Nanga ine ndikakhala pomwepo, sindikhala kuti ndapha nawo munthu?"

Achemwali, pepani kwambiri, mwasenza katundu wolemera muli kutali ndi kwanu.

Ku Oregon n'zololedwa. Anthu anavotera lamulo la Death with Dignity Act mu 1994, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1997. Wopemphayo akhale wa zaka 18 kapena kuposerapo, mutu wake ukugwira bwino, ndipo madokotala awiri atsimikize kuti matenda ake amutenga pasanathe miyezi isanu ndi umodzi. Amapempha pakamwa kawiri, kenako n'kulemba pamaso pa mboni ziwiri. Mankhwalawo amamwa yekha ndi manja ake. Dokotala sabaya jakisoni ngati mmene zimaloledwera ku Netherlands, Belgium ndi Canada. Ndipo palibe amene angakukakamizeni kutengapo mbali.

Koma chimene ndikufuna muganizire kwambiri n'chifukwa chimene agogowo apemphera. Malipoti a chaka ndi chaka a boma la Oregon amasonyeza kuti ululu si umene umakhala patsogolo. Ambiri amadandaula kuti sakuthanso kudziimira paokha, sakuchitanso zinthu zimene zinkawasangalatsa, ulemu wawo watha. Ena amaopa kuvutitsa abale awo. Izi zimandikhudza mtima, chifukwa kwathu kusambitsidwa ndi mwana wako ukadwala si chinthu chochititsa manyazi, koma kwa munthu amene wadzidalira moyo wake wonse kumapweteka kuposa bala. Chinanso, pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amene amalemberedwa mankhwalawo samwa n'komwe. Kwa ena, kungodziwa kuti ali m'kabati kumawakhazika mtima pansi mpaka imfa itabwera yokha.

Ine pandekha ndili ndi nkhawa ndi malamulo amenewa, makamaka nditaona Canada, imene inayamba kulola zimenezi mu 2016 kenako mu 2021 n'kulolanso anthu amene imfa yawo siili pafupi. Komabe sindingaweruze munthu amene akubanika usiku uliwonse.

Ndikupempheninso kuti musasokoneze nkhaniyi ndi morphine. Kwathu ambiri amakana kuti wodwala wawo amwe morphine poganiza kuti ndi mankhwala omalizitsa. Ayi. Akaperekedwa pa mlingo woyenera amachepetsa ululu ndi kubanika, ndipo malo ngati Tiyanjane ku Queen Elizabeth ndi Ndi Moyo ku Salima amathandiza nawo odwala tsiku ndi tsiku. Ngati agogo anu akupatsidwa morphine ndi anamwino a hospice, amene amasamala odwala amene atsala pang'ono kumwalira, apatseni mtima uli m'malo.

Mawa mukawasambitsa, khalani nawo pansi muwafunse chimene akuopa kwenikweni, ndipo zimene angakuuzeni mukawafotokozere anamwinowo, mwina pali zimene zingakonzeke. Ngati chikumbumtima chanu sichikulolani kukhala m'chipindamo tsiku limenelo, auzeni agogowo ndi ana awo panopa, mwaulemu, kuti apeze wina wokhala nawo pafupi. Mpaka tsikulo, pitirizani kuwaphikira phala, kuwatembenuza ndi kucheza nawo monga mwa masiku onse.