Kodi n'koyenera kupita ndi ana kukaona ndende yakale ya Number Four?

Kalata yomwe ndikuyankha lero yachokera kwa mayi wina wa kwathu amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Dzina lawo ndasunga. Akuti ana awo awiri, wazaka 15 ndi wazaka 8, akubwera kuchokera kumudzi pa holide ya Disembala, ndipo mnzawo wa kuntchito wawauza za ndende ina yakale imene inatsekedwa, anthu amalipira pakhomo n'kulowa kukaona. Iwo mtima uli komweko, koma bambo a kunyumba akukana. Bambowo akuti kupereka ndalama kuti ukaonerere pamene anzako anazunzikira ndi kupanda umunthu, komanso malo otero sasowa mizimu. Funso la mayiwa ndi lakuti: "Tipite kapena tisapite? Nanga anawa?"

Achemwali, pitani. Koma mawu a bambowo musawataye, chifukwa ali ndi mfundo. Alipodi anthu amene amayenda dziko ndi dziko kusakasaka malo a imfa ndi masautso kuti akajambulitse zithunzi zoika pa Facebook, ndipo mukawapeza kumeneko, wina atadzitsekera m'chitolokosi akumwetulira kamera. Zimenezo zimandiwawa nanenso. Kusiyana kwake kuli pa kalowedwe. Lowani monga mmene timalowera pasiwa: mawu pansi, mapazi pang'onopang'ono, makutu kwa amene akufotokoza zomwe zinachitika. Munthu wolowa chotero sanabwere kudzaonerera ayi.

Malo amene mnzanuyo akunena masiku ano amatchedwa Constitution Hill, ali pa Kotze Street, pamalire a Braamfontein ndi Hillbrow. Akuluakulu a ku Joni amangoti Number Four. Ndende zake zilipo zitatu pamalo amodzi. Yoyamba ndi Old Fort, imene boma la Paul Kruger linamanga mu 1893 kuti muzikhala akaidi achizungu, ndipo chiwembu cha Jameson chofuna kugwetsa boma la Kruger chitalephera mu 1896 anaizinga ndi malinga a dothi kuti ikhale linga la asilikali. Number Four, ya amuna akuda ndi amwenye, inabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo ya amayi inatsegulidwa cha mu 1910. Zonsezi zinatsekedwa mu 1983. Kwa zaka zoposa khumi pamalopo panali bwinja, udzu kumera m'mabwalo, madenga kudontha, akuba kuzula chilichonse chogulitsika. Atayamba kukonzapo, anasankha dala kusiya makoma a Number Four mmene analili. Penti yake ndi yosupuka, zitseko n'zadzimbiri. Simukapeza ndende yopakidwa laimu kuti alendo asangalale.

Anthu ambiri amakopeka ndi mayina otchuka, ndipo alipodi. Mahatma Gandhi anatsekeredwa kuno mu 1908 atakana lamulo lokakamiza amwenye kulembetsa ndi kudinda zala. Anthu 156 amene anagwidwa pa mlandu woukira boma mu Disembala 1956, kuphatikizapo Albert Luthuli ndi Nelson Mandela, anayamba asungidwa kuno. Robert Sobukwe anabwera mu 1960 apolisi atapha anthu ochita zionetsero ku Sharpeville. Mandela anabweranso mu 1962, ndipo ulendo umenewo anamuika m'chipinda cha chipatala ku Old Fort, mbali ya azungu, kutali ndi akaidi anzake akuda. Chipindacho mukachiona, ndipo mukhoza kuimamo mphindi zochepa n'kupitirira.

Pamene ndikukupemphani kuti mukachedwepo ndi mu Number Four mwenimwenimo, chifukwa unyinji wa anthu amene anagonamo sanali atsogoleri a chipani chilichonse. Anali anthu ogwira ntchito m'makhitchini, m'minda ya maluwa, m'mafakitale, amene wapolisi anawaimitsa pamsewu n'kupeza kuti pasi, chiphaso chimene munthu wakuda ankakakamizidwa kuyenda nacho, aiwala m'thumba la jekete ina, kapena bwana sanasaine mwezi umenewo, kapena usiku wawapeza m'tauni nthawi yoletsedwa. Panali zaka zina zimene anthu opitirira 500,000 ankazengedwa milandu ya pasi pa chaka chimodzi m'dziko lonselo, ndipo malamulowo anathetsedwa mu 1986. Agogo athu amene anapita ku Joni pa Wenela, ndi aja ankadziyendera okha pa selefu n'kukatchona, ankakhala pansi pa malamulo omwewo. Mukamayenda m'mabwalo amenewa, musamaone ngati ndi mbiri ya eni dziko okha.

Mukangolowa, yang'anani bwalo lodyera. Zimbudzi zili pamtetete, kuyang'anizana ndi pamene anthu ankakhala pansi n'kumadya, moti munthu ankatafuna akuona mnzake ali m'chimbudzi. Pomwepo pali mbale zachitsulo zopindikapindika ndi migolo yophikiramo, komanso chikwangwani chosonyeza chakudya cha tsiku ndi tsiku. Chikwangwani chimenecho muchiwerenge mzere ndi mzere, ndipo mwana wanu wamkuluyo muwerenge naye. Chakudya anachigawa potsata khungu: mzungu buledi wake, nyama yake, shuga wake, mmwenye ndi mkaladi zochepako, wakuda phala ndi chimanga chophika, zina zonse pang'ono kapena ayi. Ine chimene chimandisautsa pa chikwangwanichi n'chakuti palibe amene anachilemba atapsa mtima. Munthu wophunzira bwino anakhala pa desiki mu ofesi, kuyeza pa sikelo, kulemba, n'kuweruka kupita kwa ana ake. Nkhanza za mu Number Four zambiri zinali zotere, zolembedwa m'mabuku ndi zosainidwa, ndipo zimenezi mwana sangazimvetse pongouzidwa kuti kale kunali tsankho.

Zipinda zogona anthu ambiri zili pafupi pomwepo. Ndende yonseyo anaimangira anthu osakwana 1,000 koma inkafika posunga opitirira 2,000. Pansi anayalapo mabulangete otuwa kusonyeza kagonedwe kake. Akuluakulu a magulu a zigawenga ankadziunjikira mabulangete ambiri kumbali yabwino, kutali ndi chimbudzi, pamene wobwera kumene, uja wagwidwa dzulo chifukwa cha pasi, ankagona mothithikana pafupi ndi chimbudzicho. Amene munakaonapo m'bale ku Maula kapena ku Chichiri, n'kumva za anyapala ndi za kugona pa shamba, simukafuna womasulira. Mukaonanso zinthu zoumba ndi mabulangete, monga sofa ndi galimoto yankhondo, zimene akaidi ankapinda Lamlungu popikisana kukongoletsa zipinda zawo. Ndimaona kuti n'zofunika kuti mwana aone zimenezi pamodzi ndi zoopsazo, adziwe kuti anthu aja sanasiye kukhala aluso ngakhale m'malo otero.

Pali chinthu china chimene wokuperekezani akafotokoze, ndipo ndi bwino muchidziwiretu. Akaidi akabwera kuchokera kokagwira ntchito ankawavula onse pabwalo, n'kuwalamula kudumpha m'mwamba, kuomba m'manja, kutembenuka ndi kuwerama pamaso pa woyang'anira, ati pofuna kuona ngati abisa fodya kapena mpeni m'thupi. Ankati tauza. Bambo wa imvi ankachita zimenezi pamaso pa anyamata a msinkhu wa ana ake. Dziko linadziwa za mchitidwewu mu 1954, pamene mtolankhani Henry Nxumalo wa magazini ya Drum anadzigwiritsa dala kuti alowe m'ndendemo, ndipo mnzake Bob Gosani anajambula chithunzi ali pamwamba pa nyumba ina yoyandikana nayo. Chithunzicho chilipo pakhoma.

Kumapeto kwa bwalo kuli mzere wa tizipinda ta chilango, ta munthu mmodzimmodzi, pamwamba pa kanjira kake atatchinga ndi waya. Chitseko chikatsekedwa mumakhala mdima, ndipo wolangidwa ankatha masiku akumwa madzi a mpunga okha. Musaiwale kuyang'ana kuseri kwa zitsekozo. Akaidi anakandapo mayina awo, masiku, mapemphero, ndi mawu opita kwa amayi awo. Ngati bambo akunena za mizimu, apa ndi pamene thupi limachitadi tsembwe. Za mizimuzo aliyense ali ndi chikhulupiriro chake ndipo sinditsutsana nawo. Chomwe ndinganene n'chakuti munthu amene anakanda dzina lake pachitsulo ankafuna kuti wina adzaliwerenge, ndipo ena mwa amene anagonamo anathandiza nawo kukonza malowa ndi kufotokoza mbiri yawo kuti alendo aimve.

Ndende ya amayi ikakupusitsani ndi kukongola kwake: njerwa zofiira, holo yozungulira yowala bwino. Kuzungulirako n'kwakuti woyang'anira aone makonde onse ataima pamodzi. Winnie Mandela ndi Albertina Sisulu anatsekeredwamo mu 1958 pamodzi ndi amayi ambirimbiri okana mapasi, ndipo Fatima Meer anakhalamo mu 1976. Koma ambiri anali amayi ofulula mowa kuti ana apite kusukulu, ena atabereka makanda kumbuyo. Kwa zaka zambiri amayi akuda sankapatsidwa n'kabudula wam'kati yemwe. Inu monga mayi mukudziwa tanthauzo la zimenezo pa masiku ena a mwezi.

Mukatuluka mmenemo musabwerere kunyumba, chifukwa ulendowo sunathe. Pakati pa ndendezi pali khoti lalikulu kuposa onse m'dzikolo pa nkhani za malamulo oyendetsera dziko, Constitutional Court, limene linasamukira pano mu 2004. Majaji anasankha okha bwinja limeneli. Nyumba imene munkasungidwa oyembekezera milandu anaigumula, njerwa zake n'kumangira khoma la m'chipinda choweruziramo, ndipo masitepe ake ena anawasiya chiimire. Chizindikiro cha khotili ndi anthu ali pansi pa mtengo, monga bwalo la kwa mfumu. Majaji 11 amakhala kuseri kwa zikopa za ng'ombe, ndipo pali zenera lalitali lopyapyala loonetsa miyendo yokha ya anthu odutsa panja, osadziwika ngati ndi olemera kapena osauka. Aliyense amaloledwa kulowa n'kukhala pansi kumvetsera. Ndipo khotili limakhudza ife obwera. Mu 2017 linagamula kuti mlendo amene wagwidwa kuti abwezedwe kwawo ayenera kuonekera pamaso pa khoti pasanathe maola 48. Aliyense amene ali ndi m'bale yemwe anadutsira ku Lindela, kumene amasungako alendo oyembekezera kubwezedwa kwawo, akudziwa kuti zolembedwa ndi zochitika sizifanana nthawi zonse, komabe chigamulocho chilipo ndipo loya akhoza kuimapo. Mu 2024 bungwe la UNESCO linaika malowa m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse.

Ndikamaganiza za Number Four mtima umathamangira kwathu. Ifenso tili ndi malo athu otere. Ku Mikuyu, ku Zomba, n'kumene Jack Mapanje anakhala kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu, ndipo n'kumene Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anagonekedwa usiku wawo womaliza asanakaphedwe ku Mwanza mu Meyi 1983, chaka chomwe Number Four inatsekedwa. Ulamuliro utasintha mu 1994 ndende ya Mikuyu inatsekedwa kuti ikhale malo a chikumbutso, koma pambuyo pake munabwereranso akaidi. Ku Dzaleka, kumene kunazunzikira andale ndi a Mboni za Yehova, kunasanduka msasa wa othawa kwawo. Sindikunena kuti othawa kwawo asapatsidwe pokhala. Koma zimandipweteka kuti mwana wa Fomu 2 ku Dowa kapena ku Zomba alibe chitseko chimene angachigwire ndi dzanja n'kuuzidwa kuti kuseri kwake kunali munthu wosalakwa. Wanuyo ali ndi mwayi wogwira cha ku Joni, ndipo akakufunsani ngati zotere zinachitikako kwathu, mumuyankhe zoona.

Tsono za ana. Wazaka 15 mutengeni, ndipo mumulole afunse yekha mafunso kwa wokuperekezani. Masukulu a kumeneko amabweretsa ana a msinkhu umenewo kawirikawiri. Wazaka 8 ine sindingamulowetse ku tizipinda ta chilango kapena pa chithunzi cha tauza. Mmodzi wa inu akhale naye ku khoti, kumene kuli zojambula zambiri ndi zitseko zazitali zamatabwa zozokotedwa ufulu wa anthu m'zilankhulo za dzikolo, kapena akwere naye pamalinga a Old Fort akaone mzinda wonse ndi nsanja ya Hillbrow. N'chifukwa chake ndikufuna bambo apite nawo. Muwauze kuti sakukakamizidwa kulowa mu Number Four, akhoza kutsala ndi wamng'onoyo, ndipo akafuna mudzasinthane. Pa ndalama ija akudandaula, muwakumbutse kuti popanda osamalira ndi ofotokoza malowa akadabwerera kukhala bwinja monga zinalili itangotsekedwa.

Pitani m'mawa, pakati pa sabata, ndipo mupatule theka la tsiku. Disembala ku Johannesburg mvula yamabingu imakonda kugwa masana, ndipo mbali yaikulu ya ulendowu ndi ya panja, choncho tengani madzi akumwa ndi zipewa. Lipirani ulendo wokhala ndi wofotokoza, musayende nokha. Pamalopo pali alonda ndi poimika galimoto, koma misewu ya mbali ya Hillbrow si yoyendamo ndi ana foni ili m'manja, ndiye ngakhale kuchokera ku Park Station kuli pafupi, kwerani galimoto ikakutuleni pageti. Mitengo ndi nthawi yotsegulira zimasintha, makamaka masiku a Khirisimasi, choncho muone pa intaneti kapena muwaimbire dzulo lake. Makhoti amakhala pa tchuthi nyengo imeneyo, ndiye mwina majaji simukawapeza, koma funsani ngati chipinda choweruziramo chili chotsegula tsiku limenelo.