Funsani Akatswiri: Satifiketi yodzisainira nokha pa seva ya mu ofesi

FUNSO: Ku ofesi kwathu tili ndi seva ya Ubuntu yoyendera Nginx, pa adiresi ya 192.168.1.10, ndipo imangogwira ntchito pa netiweki ya mkati. Ndikufuna mapasiwedi a antchito asamayende poyera. Kodi ndigule satifiketi? — Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Musataye ndalama. Pa seva ya mkati mungathe kupanga nokha kiyi ndi satifiketi, mafayilo amene amathandiza kubisa uthenga pakati pa bulawuza ndi seva, pogwiritsa ntchito pulogalamu ya OpenSSL. Lembani izi pamzere umodzi:

openssl req -x509 -newkey rsa:2048 -nodes -keyout seva.key -out seva.crt -days 365 -subj "/CN=192.168.1.10" -addext "subjectAltName=IP:192.168.1.10"

Mutuluka mafayilo awiri. Seva.crt ndi satifiketi, yopatsa aliyense, koma seva.key ndi kiyi, chinsinsi chanu. Itsekeni ndi chmod 600 seva.key, ndipo musaitumize pa WhatsApp kapena imelo. Wina akaipeza, angathe kudzionetsa ngati seva yanu, ndiye muyenera kupanga kiyi ndi satifiketi zina pomwepo.

Chigawo cha subjectAltName, chimene chimalemba adiresi ya seva mu satifiketi, musachisiye, pakuti ambiri amagwera pomwepa. Kuyambira 2017, Chrome sayang'ananso dzina la pa CN lokha, ndipo amakana satifiketi yopanda chigawochi. Chigawo cha -nodes chimasiya kiyi yopanda pasiwedi. Mukachichotsa, magetsi akathima n'kuyakanso, Nginx, pulogalamu yoonetsa tsamba lanu, sidzuka mpaka munthu abwere kudzalemba pasiwediyo.

Mu Nginx ikani listen 443 ssl, kenako ssl_certificate iloze ku seva.crt, ssl_certificate_key iloze ku seva.key. Yesani ndi nginx -t musanayambitsenso seva. Ikanena kuti key values mismatch, ndiye kuti kiyi ndi satifiketi sizinapangidwire limodzi.

Tsopano nkhani yaikulu. Bulawuza idzachenjezabe kuti siikudziwa amene anasaina. Uthenga ukuyenda wobisika ndithu, koma palibe mboni yotsimikizira kuti sevayo ndi yanudi. Chonde musazoloweze antchito kungodumpha chenjezoli, chifukwa tsiku lina adzadumpha la wakuba weniweni. Kuti chenjezoli lithe, tengani seva.crt muiike pa kompyuta iliyonse ya mu ofesi. Pa Windows imalowa mu Trusted Root Certification Authorities.

Lembani penapake tsiku limene masiku 365 adzathere. Onaninso kuti wotchi ya makompyuta ili bwino, poti deti lolakwika limabweretsa chenjezo ngakhale satifiketi ili yabwinobwino.

Tsamba likadzakhala la anthu onse pa intaneti, lokhala ndi dzina lakelake, tengani satifiketi yaulere ya bungwe la Let's Encrypt kudzera pa pulogalamu ya Certbot. Imakhala masiku 90, ndipo Certbot imaikonzanso yokha.