Funsani Abusa: Mneneri Wati Azakhali Ndiwo Akulodza Mwana Wanga

FUNSO: Abusa, mwana wanga wa zaka 4 amangodwaladwala, thupi limatentha ndipo nthawi zina amakomoka. Ku mapemphero a usiku mneneri anati azakhali a bambo ake ndiwo akumulodza. Watiuza kuti tisale kudya masiku 7 ndi kupemphera kuti moto ubwerere kwa mwini wake. Amuna anga akufuna kukawayalutsa azakhaliwo pamaso pa mudzi. Nkhondo imeneyi tiimenye bwanji?
Mayi wodandaula, Dedza

YANKHO: Pepani mayi. Mwanayo apite kuchipatala lero lomwe. Kutentha thupi pamodzi ndi kukomoka kwa mwana wamng'ono kawirikawiri ndi malungo, komanso kungakhale matenda oumitsa khosi kapena khunyu. Poyeza malungo amangotenga kadontho ka magazi pachala, ndipo zotsatira zimatuluka pasanathe theka la ola. Akapatsidwa LA amwe kawiri pa tsiku kwa masiku atatu mpaka amalize. Makolo ambiri amasiyira panjira mwana akangoyamba kusewera, malungo n'kuyambiranso, kenako n'kuyamba kusakasaka mfiti. Kupita kwa dokotala si kuchepa chikhulupiriro. Luka amene anayenda ndi Paulo anali dokotala (Akolose 4:14).

Nkhondo yauzimu ilipodi, sitikukana. Koma Aefeso 6:12 akunena poyera kuti sitilimbana ndi thupi ndi mwazi. Azakhali anu ali ndi thupi ndi mwazi. Mukangowasandutsa mdani, mwalasa kumbali.

Werengani zida zimene zatchulidwa pa mavesi 14 mpaka 17: lamba wa choonadi, chapachifuwa cha chilungamo, nsapato za uthenga wamtendere, chishango cha chikhulupiriro, chisoti cha chipulumutso ndi lupanga la Mzimu, lomwe ndi Mawu a Mulungu. Lamba ndiye woyamba kuvala. Ndiye dzifunseni: chimene mukudziwa motsimikiza za azakhaliwo n'chiyani, kupatula zimene mwauzidwa? Ngati palibe, kukawaloza chala n'kuchitira mnzanu umboni wonama, kuphwanya lamulo la pa Eksodo 20:16. Nalo pemphero lobweza moto lilibe pogwira. Yakobo ndi Yohane atafuna kuitanitsa moto pa mudzi wa Asamariya, Yesu anawadzudzula (Luka 9:54-55).

Amuna anu adziwenso kuti lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito m'Malawi muno, ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Choopsa china n'chakuti mawu otere akatuluka pabwalo sabwezeka. Agogo ambiri amenyedwa, kuwotcheredwa nyumba, ena kuphedwa kumene, nkhani itayamba chonchi.

Chitani izi m'malo mwake. M'mawa ndi madzulo khalani pansi inu ndi amuna anu, mphindi 10 zokha zikukwana. Werengani Salimo 91 kapena Salimo 27 mokweza, pemphererani mwanayo pomutchula dzina, pemphani chitetezo cha nyumba yanu, ndipo pomaliza adalitseni azakhaliwo monga Aroma 12:14 akulamulira. Gawo lomalizali ndi lowawa, koma ndilo limachotsa mantha. Itanani akulu a mpingo wanu adzapempherere mwanayo (Yakobo 5:14). Ngati mukufuna kusala kudya, yambani ndi tsiku limodzi, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litalowa, madzi mukumwa. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, wodwala shuga, ndi amene ali pa ma ARV asasale asanafunse kuchipatala. Mwanayo ndiye asasale n'komwe.

Za mneneriyo, 1 Yohane 4:1 amati tiziyesa mizimu. Amene amatchula dzina la "wokulodzani", kuletsa mankhwala, kapena kutchula mtengo wa pemphero, muchokereni.

FUNSO: Ndinasemphana mawu ndi msungichuma wa gulu lathu la amayi pa ndalama za chopereka. Papita miyezi itatu sitilankhulana. Ndimapemphera ndi kumanga mzimu wa chidani, koma palibe chikusintha.
Mlongo mwa Ambuye, Lilongwe

YANKHO: Mlongo, pemphero lanu lili bwino, koma mwasiya mbali imene Yesu anaika m'manja mwanu. Aefeso 4:26-27 akulumikiza zinthu ziwiri: kugona ndi mkwiyo ndi kumupatsa malo Satana. Khomo limene mukumuthamangitsira mdaniyo mwalitsegula nokha kwa miyezi itatu.

Ndondomeko ili pa Mateyu 18:15-17. Yambani n'kupita kwa mnzanuyo, awiriwiri. Osati pa foni, osati pakhomo la tchalitchi anthu akutuluka. Pemphani nthawi, mufike kunyumba kwake. Tchulani nkhani imodzi yokha, ndi tsiku lake ndi kuchuluka kwa ndalamazo: "Amayi, ndalama za mwezi wakuti sindinazione m'buku, tandithandizeni kumvetsa." Musayambe ndi "inu nthawi zonse", chifukwa pamenepo munthu amasiya kumva, amayamba kudziteteza. Mukatero khalani chete, nayenso afotokoze mpaka amalize. Pamene inu munalankhula mopsa mtima, pepesani mosawonjezera "koma".

Zikakanika, tengani munthu mmodzi kapena awiri. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa potenga anzawo apamtima, mnzawoyo n'kuona ngati amupangira chiwembu. Sankhani anthu amene nonse awiri mumawalemekeza, ndipo poti ndi nkhani ya ndalama, buku la chuma ndi malisiti zikhale patebulo. Akakanabe m'pamene nkhani ipite kwa abusa ndi akulu a mpingo.

Zimene zimaononga kwambiri n'kudumpha sitepe. Kuponya nkhani pa gulu la WhatsApp, kapena kuimirira pa mapemphero n'kunena kuti "tiwapempherere amayi ena amene akudya ndalama za Mulungu", ndi miseche basi, ngakhale itatha ndi Amen.

Kukhululuka sikutanthauza kuti buku lisawerengedwe. Pemphani kuti kuyambira pano ndalama ziziwerengedwa ndi anthu awiri, onse azisaina, ndipo lipoti liziperekedwa kwa gulu mwezi uliwonse. Paulo yemwe, potumiza chopereka cha ku Yerusalemu, anafuna kuti pakhale m'bale wosankhidwa ndi mipingo woyenda nacho limodzi, kuti wina asapeze pomunenera (2 Akorinto 8:18-21).