Kuphunzira za mafiriji: fizi ndi theka chabe la mtengo wake

Funso: Ndinalemba MSCE zaka ziwiri zapitazo ndipo ndikungokhala. Amalume andilonjeza K1,200,000 yoti ndiphunzirire ntchito. Sukulu ina ya pulayiveti ikuphunzitsa kukonza mafiriji ndi ma air con miyezi isanu ndi umodzi pa K900,000. Mnzanga akuti pa firiji imodzi amalandira K60,000. Kodi ndalamayi idzabwerera? Wowerenga wa ku Ndirande

Yankho: Achimwene, ntchito mwasankhayi ndi yabwino. Butchala, wogulitsa nsomba, wa botolo sitolo, chipatala chosunga katemera, onsewa firiji ikaima sagona tulo. Koma mwafunsa za fizi, pomwe chimene chikudetsa nkhawa ndi K300,000 yotsalayo. Tsiku lomaliza sukulu mudzagwira chiyani m'manja?

Wokonza firiji wopanda zida ndi wonyamulira anzake chikwama. Pafunika geji yoyezera gasi, vakiyumu pampu, chowotcherera mapaipi a kopa, mita yoyezera magetsi, chodulira ndi chofutukulira mapaipi, sikelo yaing'ono ndi silinda ya gasi woyambira. Zonsezi zimachokera kunja, ndiye mtengo wake umatsata dola. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zotere zinakwera nthawi yomweyo. Musanapereke fizi, kayendeni m'masitolo a ku Limbe, mulembe mitengo, muiphatikize. Langizo langa ndi loti theka la ndalama lipite kusukulu, theka ku zida. Sukulu ikadya zonse, mapeto ake ndi katapila, ndipo pampu yogula pa katapila imagwirira ntchito mwini ndalama.

N'chifukwa chake ndikuti yambani mwafufuza ku TEVETA, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Maphunziro a m'makoleji a ntchito zamanja odzera kumeneko amathandizidwa ndi ndalama imene olemba ntchito amapereka, 1 peresenti ya malipiro a antchito awo, choncho fizi imakhala yotsikirapo. Amatenga nthawi yaitali, inde, koma amakutumizani kukagwira ntchito kukampani muli pasukulu, ndipo satifiketi yake ingakuthandizeni pofuna kontirakiti ku mabanki, mahotela ndi zipatala. Mukasankhabe ya pulayivetiyo, funsani ngati inalembetsedwa ku TEVETA, ndipo mukaone ndi maso kuti pampu imodzi amagawana ophunzira angati.

Tsopano K60,000 ya mnzanuyo. Imeneyo ndi imene kasitomala watulutsa m'thumba, si imene mnzanu wapeza. Tiyerekeze: gasi K15,000, drier (kasefa kochotsa chinyezi mu gasi) yatsopano K5,000, ndodo zowotcherera ndi gasi wake K5,000, kabaza popita ndi pobwera K6,000. Yatsala K29,000. Ndipo firijiyo ikasiyanso kuziziritsa pakatha milungu iwiri, mudzabwererako ulere, ndi gasi wanu, ndi kabaza wanu. Mwa mafiriji anayi, imodzi yokha ikabwerera, phindu la ntchito yathunthu lapita.

Apa ndi pamene maphunziro enieni amabweza ndalama. Firiji sidya gasi ngati mbaula. Gasi akatha ndiye kuti pali kabowo, kawirikawiri pomwe wina anatokosa madzi oundana ndi mpeni, kapena pa mfundo yowotcherera. Kuthira gasi osatseka kabowo n'kutaya ndalama. Kuthira osayamba wakoka mpweya ndi pampu, chinyezi chimatsala m'kati, chimakaundana m'kapaipi kakang'ono ka capillary, firiji n'kuziziritsa ola limodzi kenako n'kuima. Mafiriji ambiri atsopano amayendera R600a, gasi woyaka moto, ndipo amalowa wochepa kwambiri, magalamu olembedwa pa chikwangwani cha firijiyo. Ameneyu amayezedwa pa sikelo, osati mongoganizira, ndipo simuyandikizapo lawi musanamutulutse yense. Mukathira gasi wa mtundu wina, R134a, mu kompuresa (injini yopopa gasi) ya R600a, mudzagulira kasitomala kompuresa ina. Sukulu imene ikungophunzitsabe za R22 ikukutsalitsani: gasi ameneyu akuthetsedwa pansi pa mgwirizano wa mayiko woteteza chilengedwe wa Montreal, ndipo ma air con atsopano akubwera ndi R410A kapena R32. Palinso mafiriji ambiri amene anthu amati afa, pomwe chapsa ndi kachipangizo koyatsira kompuresa (relay kapena capacitor) chabe magetsi atabwera molakwika. Wodziwa kugwiritsa ntchito mita amapeza vutolo m'mphindi khumi, n'kugulitsanso fridge guard, kachipangizo koteteza firiji ku magetsi olakwika, pomwepo.

Musawerengere chaka chonse ndi ndalama za Okutobala. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa foni imalira osapuma, koma Juni ndi Julayi mutha kutha sabata osaitanidwa. Za kutenthetsa m'nyumba kwathu kuno n'zochepa, ndiye phunzirani ma geyser ndi masitovu, ndipo sakani maofesi awiri kapena atatu oti muzitsuka ma air con awo miyezi itatu iliyonse pa mtengo wogwirizana. Ndalama yokhazikika ili pamenepo.

Chomwe chimapha amisiri ambiri ndi abale ndi kusalemba. Amalume akakulipirirani fizi, firiji ya azakhali, ya apongozi, ya mkulu wa mpingo, zonse zidzabwera kwa inu ndi mawu oti "si mwana wathu uyu?" Thandizani ndi manja anu ngati mukufuna, koma gasi ndi zipangizo alipire, ndipo munene zimenezi musanatsegule chikwama. Gulani kabuku ka K1,000. Ntchito iliyonse mulembe tsiku, mtundu wa firiji, chomwe mwasintha, magalamu a gasi, ndalama yolowa ndi yotuluka. Pa ntchito iliyonse patulani ndalama ya gasi tsiku lomwelo, isagone m'thumba limodzi ndi ya ndiwo.

Ndiye ibwerera liti? Mutati mukupeza ntchito khumi pa mwezi, iliyonse n'kutsala K29,000, ndi K290,000. Chotsanipo kudya ndi lendi, mwina mungasunge K80,000. K1,200,000 ibwerera pakatha miyezi 15, ndipo chaka choyamba ntchito khumi pa mwezi sizipezeka msanga. Uzani amalume kuti adikire zaka ziwiri mukamaliza, ndipo muwaonetse pepala la mitengo ya zida musanalandire ndalamayo.